Titaniyamu wa ku Kasiya ndi chitsulo cha m'chigayo: Malawi ayambire pati?

Kuchokera pomwe mtsogoleri wa dziko lino Peter Mutharika adalamula mu Okutobala 2025 kuti miyala ya m'migodi isamatuluke m'dziko muno isanakonzedwe, maso a anthu ambiri ali ku Kasiya m'boma la Lilongwe. Kumeneko kuli mchenga wa rutile, womwe umatulutsa titaniyamu, chitsulo chomwe opanga ndege komanso madokotala a mafupa amachifunafuna.

Kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals, yomwe ikufufuza malowa, mu 2023 idati pansi pa minda ya ku Kasiya pali dothi lokwana matani 1.8 biliyoni, ndipo m'dothilo muli rutile wokwana matani pafupifupi 18 miliyoni. Palibe malo ena padziko lapansi pomwe padapezekapo rutile wachilengedwe wochuluka chotere. Mu 2023 kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto idagula magawo 15 pa 100 alionse a Sovereign Metals, ndipo chaka chotsatira idawonjezera magawowo kufika pa 19.9.

Lamulo la mtsogoleriyu ladzutsa funso lomwe likumveka m'maofesi ndi m'maminibasi momwe: ngati titaniyamu ndi wodula chotere, chikuletsa n'chiyani kuti Malawi amuyenge yekha n'kumagulitsa chitsulo m'malo mwa mchenga? Yankho lake lagona pa chikhalidwe cha chitsulocho. Njira yapafupi yolimvetsera ndiyo kuika titaniyamu pambali pa chitsulo china chomwe Amalawi amakhala nacho tsiku ndi tsiku, cha cast iron, chomwe amachisungunula n'kuchithira m'chikombole. Chitsulochi chili m'injini ya chigayo, m'mutu ndi m'miyendo ya makina osokera akale, m'simbi ya makala, m'mabuleki a minibasi, ndiponso m'zivundikiro za maenje a mapaipi m'misewu ya Blantyre ndi Lilongwe.

Zitsulo ziwiri, mbiri ziwiri

Cast iron ndi wakalekale. Anthu a ku China ankamusungunula kale zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Iye ndi chitsulo wamba chomwe chili ndi kaboni wochuluka, pakati pa magawo 2 ndi 4 pa 100 alionse, komanso silikoni pang'ono. Kaboniyo ndi yemwe amachititsa kuti chitsulocho chisungunuke msanga n'kumayenda ngati phala lamadzimadzi, kotero kuti chimalowa m'ngodya zonse za chikombole cha mchenga. Mu 1779 Abraham Darby III adamanga nacho mlatho pa mtsinje wa Severn ku England, ndipo mlathowo ulipobe mpaka lero.

Titaniyamu ndi mwana wadzulodzulo. M'busa wina wa ku Cornwall, William Gregor, adamutulukira mu mchenga wakuda mu 1791, ndipo katswiri wa ku Germany Martin Klaproth adamupatsa dzinali mu 1795. Koma padatha zaka pafupifupi 150 anthu asanapeze njira yomuyengera wochuluka. Njirayo adaipeza ndi William Kroll wa ku Luxembourg, ndipo mafakitale adayamba kuigwiritsa ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Kuchedwaku sikudachitike chifukwa cha kusowa kwa mwala, pakuti titaniyamu ali pa nambala 9 mwa zinthu zochuluka kwambiri m'nthaka ya dziko lapansi. Vuto lidali lakuti amagwirana zolimba ndi okosijeni, ndipo kuwalekanitsa n'kovuta komanso kodula.

M'mafakitale titaniyamu amasakanizidwa kawirikawiri ndi zitsulo zina kuti alimbe. Msakanizo wotchuka kwambiri umatchedwa Ti-6Al-4V, kutanthauza kuti muli magawo 6 a aluminiyamu ndi magawo 4 a vanadiyamu pa 100 alionse. Pafupifupi theka la titaniyamu yense yemwe amagwiritsidwa ntchito ngati chitsulo amakhala wa msakanizo umenewu.

Kulemera ndi kulimba

Kusiyana koyamba kumamveka m'manja. Chidutswa cha cast iron chachikulu ngati lita imodzi ya madzi chimalemera makilogalamu pafupifupi 7.2, pamene cha Ti-6Al-4V chimalemera makilogalamu 4.4 okha. Ngakhale ndi wopepuka chotero, titaniyamuyu amapirira kukokedwa kuposa mnzakeyo. Ndodo ya Ti-6Al-4V yonenepa mamilimita 12, ngati zitsulo zomwe amisiri amaika mu konkire, ikhoza kunyamula matani pafupifupi 10 isanaduke. Ndodo yofanana nayo ya cast iron wamba, wotuwa uja, imaduka katundu asanafike matani atatu.

Apa ndi pomwe pagona chikondi cha opanga ndege pa titaniyamu. Kilogalamu iliyonse yomwe yachotsedwa pa ndege imapulumutsa mafuta pa ulendo uliwonse kwa zaka zambiri. N'chifukwa chake magawo pafupifupi 15 pa 100 alionse a kulemera kwa ndege ya Boeing 787 ndi titaniyamu, ndipo pa Airbus A350 ndi magawo pafupifupi 14.

Koma kulimba kuli mitundumitundu. Cast iron akamapanikizidwa amapirira katatu kapena kanayi kuposa momwe amapiririra akamakokedwa. Chifukwa chake chili mkati mwake. Chitsulocho chikamazizira m'chikombole, kaboni uja amapatuka n'kupanga tizibenthu ta graphite tomwe timamwazikana paliponse. Chitsulo chikakokedwa, kachibenthu kalikonse kamakhala ngati mng'alu womwe wayamba kale, ndipo chitsulocho chimathyoka mwadzidzidzi osayamba chapindika. Mmisiri aliyense yemwe simbi ya makala idamugwerapo pa simenti amalidziwa khalidweli. Dziko la Britain lidaphunzira zimenezi mwa njira yowawa mu 1847, pomwe mtanda wa cast iron wa mlatho wa sitima pa mtsinje wa Dee ku Chester udathyoka sitima ikudutsa, anthu n'kufa. Titaniyamu, mosiyana ndi zimenezi, amayamba watamuka asanaduke, zomwe zimapereka mpata woti vuto lioneke ngozi isanachitike.

Akatswiri adachepetsako vuto la kuthyokali. Mu 1943 Keith Millis wa ku America adapeza kuti kuthira maginiziyamu pang'ono mu chitsulo chosungunuka kumachititsa graphite uja kuundana ngati timipira m'malo mwa tizibenthu. Chitsulo chotere, chomwe chimatchedwa ductile iron, chimapindikako chisanathyoke ndipo ndi chomwe amapangira mapaipi akuluakulu a madzi ndi zipangizo zambiri za galimoto.

Pomwe chitsulo chotchipa chimaposa chodula

Tizibenthu tomwe timafooketsa cast iron akamakokedwa ndi tomwenso timamupatsa mphatso zomwe titaniyamu alibe. Timameza kunjenjemera, ndipo ichi ndi chifukwa chake matupi a injini za dizilo komanso maziko a makina osemera zitsulo amaumbidwa ndi cast iron. Kulemera kwake, komwe kuli chilema pa ndege, pa chigayo ndi mwayi: gudumu lolemera la injini limasunga mphamvu kuti makina azizungulira mosadumphadumpha. Graphite yemweyo ndi woterera, kotero amathandiza kuti chitsulo chisadyeke msanga pomwe pali kukhulana.

Pa nkhani ya kutentha kusiyana n'kwakukulu. Cast iron wotuwa amadutsitsa kutentha pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa Ti-6Al-4V. Minibasi ikamatsika phiri la Zomba kapena msewu wa Golomoti, mabuleki ake amatentha koopsa, ndipo amafunika chitsulo chomwe chimamwaza kutenthako msanga. Mabuleki a titaniyamu akadasunga moto pamalo amodzi. Kuonjezera apo titaniyamu ali ndi chizolowezi chomata ndi kukandika akamakhulana ndi chitsulo china. Pa chifukwa chomwechi ndi wovuta kumusema pa makina: kutentha kumaunjikana pa mpeni wosemera n'kuubunthitsa msanga. Cast iron amasemeka mosavuta.

Titaniyamu amabwezera pa dzimbiri. Akangokhudzana ndi mpweya, pamwamba pake pamabwera kakhungu kopyapyala kosaoneka ndi maso, komwe kamamuteteza ndipo kakakandika kamabwereranso kokha. Madzi a m'nyanja ya mchere samudya, ndipo amagwira ntchito m'mafakitale a mankhwala ndi ochotsa mchere m'madzi. Thupi la munthu nalo silimukana. Dokotala wa ku Sweden Per-Ingvar Brånemark adaona m'zaka za m'ma 1950 kuti fupa limamera n'kugwirana ndi titaniyamu, ndipo mu 1965 adaika mizu ya mano ya titaniyamu mwa wodwala wake woyamba. Lero zitsulo zambiri zolumikizira mafupa othyoka komanso zoika m'malo mwa mfundo za m'chiuno zimapangidwa ndi titaniyamu. Cast iron amachita dzimbiri akakhala pachinyontho, ngakhale kuti kuchindikala kwake kumamuthandiza kukhala zaka zambiri.

Choncho funso loti chitsulo chabwino ndi chiti lilibe yankho limodzi. Chilichonse chili ndi ntchito yake, ndipo mtengo wa titaniyamu umalipirika pokhapokha pomwe kupepuka, kusachita dzimbiri kapena kugwirizana ndi thupi kuli kofunika kuposa ndalama.

Ng'anjo ziwiri zosiyana

Kusiyana komwe kukukhudza Malawi kwambiri ndi kwa kapangidwe. Cast iron amasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,200. Akhoza kusungunulidwa pamtetete, m'ng'anjo ya malasha kapena ya magetsi, kuchokera ku zitsulo zakutha monga matupi a injini zakufa ndi mabuleki akale. Chikombole chake ndi mchenga wosakaniza ndi dongo. Fakitale yaing'ono ya anthu ochepa ikhoza kugwira ntchitoyi.

Titaniyamu amasungunuka pa madigiri 1,668, ndipo akatentha amameza okosijeni ndi nayitirojeni wa mu mpweya n'kusanduka wosachedwa kusweka. Amadyanso njerwa zomwe zimatchinga ng'anjo wamba. Ngakhale pomuwotcherera pamafunika mpweya wa argon woti umutchinge. Kuti rutile asanduke chitsulo, njira ya Kroll imadutsa masitepe angapo. Poyamba rutile amatenthedwa pamodzi ndi malasha ndi mpweya wa klorini pa madigiri pafupifupi 1,000 kuti asanduke madzimadzi otchedwa titanium tetrachloride. Madziwo amayeretsedwa, kenaka amathiridwa pa maginiziyamu wosungunuka m'thanki yotsekedwa yodzadza ndi argon, ntchito yomwe imatenga masiku angapo. Chomwe chimatuluka ndi chibuma chokhala ndi mabowomabowo, chomwe pa msika chimatchedwa siponji ya titaniyamu. Siponjiyo imaphwanyidwa, kusakanizidwa ndi aluminiyamu ndi vanadiyamu, n'kusungunulidwa kawiri kapena katatu m'ng'anjo ya magetsi yopanda mpweya. Sitepe iliyonse imadya magetsi ambiri omwe sayenera kuthima ntchito ili mkati.

N'chifukwa chake maiko opanga siponjiyi ndi owerengeka: China, Japan, Russia, Kazakhstan ndi Saudi Arabia ndiwo odziwika. Ngakhale dziko la America lidatseka fakitale yake yaikulu yomaliza ya siponji ku Henderson m'chigawo cha Nevada mu 2020, ndipo tsopano limadalira kwambiri Japan. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, kampani ya Boeing idasiya kugula titaniyamu ku Russia, komwe kuli kampani yaikulu ya VSMPO-AVISMA. Kuchokera nthawi imeneyo maiko a azungu akhala akufunafuna magwero ena odalirika, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe Kasiya watchukira. Mu 2025 Sovereign Metals idalengeza kuti kampani ya ku Japan ya Toho Titanium idayesa rutile wa ku Kasiya n'kupeza kuti ndi woyenera kupangira chitsulo.

Pali mfundo inanso yomwe imaiwalika pa zokambirana zambiri. Mwa miyala yonse ya titaniyamu yomwe imakumbidwa padziko lapansi, magawo pafupifupi 90 pa 100 alionse sasanduka chitsulo ayi. Amapangidwa ufa woyera wa titanium dioxide womwe umayeretsa penti, pulasitiki, mapepala ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Gawo lina la rutile limakuta ndodo zowotcherera zitsulo, monga zamtundu wa 6013 zomwe amisiri opanga mageti ndi mafelemu a mawindo ku Ndirande ndi ku Mchesi amagwiritsa ntchito tsiku lililonse.

Zomwe anansi adaona

Malawi si dziko loyamba mu Africa kukhala ndi mchenga wotere. Ku Mozambique, kampani ya Kenmare yakhala ikukumba ku Moma m'chigawo cha Nampula kuyambira 2007, ndipo imatumiza kunja mchenga wosefedwa. Ku Kenya mgodi wa Kwale udatsekedwa kumapeto kwa 2024 mchenga utatha, dzikolo lisanapangepo chitsulo cha titaniyamu. Sierra Leone wagulitsa rutile kwa zaka makumi angapo, koma alibe fakitale yoyengera titaniyamu.

South Africa ndiye adapitako patsogolo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, kampani ya Richards Bay Minerals imasungunula mwala wa ilmenite m'ng'anjo zikuluzikulu za magetsi. Ilmenite ndi msakanizo wachilengedwe wa titaniyamu ndi chitsulo, kotero ng'anjozo zimatulutsa zinthu ziwiri: nsenjere zokhala ndi titaniyamu wambiri zomwe zimagulidwa ndi opanga penti, komanso chitsulo choyera bwino chomwe chimagulidwa ndi oumba ductile iron. Apa zitsulo ziwiri zija zimakumana, popeza zimachokera mu mchenga umodzi. Komabe, ngakhale South Africa ali ndi magetsi ochuluka kwambiri kuposa Malawi, madoko ndi akatswiri, dzikolo lilibe fakitale ya malonda yopanga siponji ya titaniyamu.

Phunziroli ndi lofunika ku Malawi chifukwa, kupatula rutile wa ku Kasiya, m'mphepete mwa nyanja monga ku Makanjira m'boma la Mangochi ndi ku Salima muli mchenga wakuda wa ilmenite. Koma ng'anjo zonga za ku Richards Bay zimafuna magetsi ambiri, pamene magetsi onse omwe dziko lino lingapange panthawi imodzi ndi mamegawati ongopitirira pang'ono 500, ndipo ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ntchito ya Mpatamanga, yomwe ikuyembekezeka kuwonjezera mamegawati oposa 350, idakali kutsogolo.

Tanthauzo la "kukonza"

Zonsezi zikusonyeza kuti mawu oti "kukonza miyala" ali ndi makwerero ambiri, ndipo boma liyenera kunena momveka bwino kuti likufuna khwerero liti, pofika liti. Sovereign Metals idati lamulo la mtsogoleri wa dziko lino silikhudza mgodi wake, chifukwa ikukonza zosefa ndi kuyeretsa rutile konkuno asanakwere sitima ya pa njanji kupita ku doko la Nacala. Mu dothi la ku Kasiya rutile ndi gawo limodzi lokha pa 100, ndipo kumuyeretsa mpaka afike pa magawo pafupifupi 95 a titanium dioxide ndi ntchito yeniyeni. Komabe limenelo ndi khwerero loyamba chabe, ndipo phindu lalikulu limakhala pa makwerero apamwamba.

Ngozi ili mbali ziwiri. Boma likaumirira kuti chitsulo cha titaniyamu chiyengedwe m'dziko muno mgodi usanayambe, likhala likupempha chinthu chomwe ngakhale America wasiya kuchita, ndipo mgodiwo ukhoza kuima, ndalama zakunja zomwe dziko likuzisowa osabwera. Likavomera kuti kusefa mchenga ndiko mapeto a zonse, Malawi adzatsala ngati Kwale: maenje okwiriridwa ndi misonkho yomwe idatha. Kampaniyi imati mgodi udzatulutsa matani oposa 200,000 a rutile pachaka kwa zaka 25 zoyambirira, ndipo malo omwe udzakumbidwe ndi minda yomwe mabanja akulimapo chimanga, mtedza ndi fodya. Anthu amenewo ndiwo adzalipire mtengo woyamba, ndipo ali ndi ufulu wofunsa chomwe chidzatsale zaka 25 zikadzatha.

Pakati pa mbali ziwirizi pali makwerero omwe mwendo wa Malawi ungafikepo. Fakitale yopanga ndodo zowotcherera imafuna rutile wochepa, waya wachitsulo ndi magetsi apakatikati, ndipo msika wake ulipo kale m'dziko muno ndi m'maiko oyandikana nawo. Mgwirizano wa boma ndi kampani ukhoza kunena kuti gawo lina la rutile ligulitsidwe kwa opanga zinthu a konkuno. Mgodi waukulu umafunanso zipangizo zambiri zomwe zimatha msanga, monga matupi a mapampu, mavavu ndi magudumu a malamba, ndipo zambiri mwa zimenezi zimaumbidwa ndi cast iron. Zikamaumbidwa ku Kanengo kapena ku Makata m'malo moitanitsidwa ku Johannesburg, luso lomwe lingabadwe likhoza kutumikiranso eni zigayo, alimi a mthirira ndi mabungwe a madzi mgodi utatsekedwa. Pakadali pano zitsulo zakutha zimagulidwa pa sikelo m'makwalala, mpaka ena amaba zivundikiro za maenje a m'misewu kuti akagulitse, pamene mwini chigayo amadikira masabata kuti chipangizo chosweka chifike kuchokera kunja.

Luso la zitsulo si lachilendo kuno. Anthu a ku Maravi ankayenga chitsulo m'ng'anjo zadothi, n'kusula makasu, nkhwangwa ndi mikondo zomwe ankasinthanitsa ndi mitundu ina. Chitsulo chawo sichinkasungunuka kufika pothiridwa m'chikombole, ankachisula ndi nyundo pa chipala, koma ankadziwa mwala, makala ndi moto. Lero sukulu za ukachenjede za MUBAS ndi MUST zimaphunzitsa za migodi ndi zitsulo, ndipo achinyamata omaliza maphunzirowo akusowa ng'anjo zoti ayesere zomwe adaphunzira. Maiko onse omwe akuyenga titaniyamu lero adayamba akhala ndi mafakitale a chitsulo wamba, a mankhwala monga klorini, komanso magetsi odalirika.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Masomphenya a Malawi 2063 amaika migodi ndi mafakitale pakati pa nsanamira za chuma, ndipo lamulo la migodi la 2023 lidapereka maziko atsopano okambirana ndi makampani. Chomwe chatsala ndi mgwirizano wa mgodi wa Kasiya womwe udzanene ndi manambala kuti boma lidzakhala ndi magawo angati, kuti ndi zipangizo ziti zidzagulidwe konkuno, kuti ndi amisiri angati adzaphunzitsidwe, komanso kuti ndalama zingati zidzapite ku magetsi. Aphungu a Nyumba ya Malamulo, mafumu a ku Kasiya ndi mabungwe oona za migodi ayenera kuona mgwirizanowo usanasainidwe, chifukwa rutile akangokwera sitima ya ku Nacala sadzabwereranso.